Za Buku Lotchedwa The Jungle, ndi za Manja Ovulala pa Ntchito

Mwezi uno tifuna kuyesa buku limodzi lakale la ku America lotchedwa The Jungle, ndiko kunena nkhalango yowirira m'mene chilombo champhamvu chidya chinzake chofooka. Analilemba Upton Sinclair, ndipo linatuluka m'mwezi wa Febuluwale, chaka cha 1906. Owerenga athu ambiri sadzaliona bukuli ndi maso, pakuti lili m'Chingelezi, ndipo nkhani yake inachitikira kutali tsidya la nyanja. Koma tiyesa kuti nkoyenera kulikamba m'masamba ano, chifukwa funso limene lifunsa likhudza Mkhristu aliyense amene adya chimene dzanja la mnzake linakonza. Funsolo ndi ili: munthu akavulala pogwira ntchito ya munthu wina, mlandu uli wa yani? Ambiri atama bukuli kuti linasintha malamulo a dziko lalikulu, ndipo anena zoona. Koma ife tiona kuti lamulo limene linabala silinali lija mlembi analifuna, ndipo chifukwa chake chipezeka pena m'bukumo, pena mwa anthu amene analiwerenga.

Tiyambe ndi malo. Chicago ndi mzinda waukulu wa m'kati mwa America, kumene njanji zambiri zikomana. M'chaka cha 1865 anatsegulako makola aakulu a ng'ombe, nkhumba ndi nkhosa, otchedwa Union Stock Yards, ndipo pambali pake panamangidwa nyumba zophera nyama za makampani onga Armour ndi Swift. Kwathu kuno ng'ombe ikaphedwa, amuna atatu kapena anayi aisenda, naigawa, ndipo aliyense adziwa ntchito yonse kuyambira pakhosi kufikira kumchira. Kumeneko sikunali kotero. Nyama inkakolekedwa pa unyolo woyenda, ndipo anthu ankaima pamzere, aliyense ndi kachigawo kake kamodzi, uyu kubaya, uyu kusenda mwendo, uyo kutumbula, wina kusesa matumbo, kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Unyolo suyembekeza munthu. Tsono iye amene ali ndi mphamvu ya kufulumizitsa unyolo ali ndi mphamvu pa dzanja lililonse la pamzerewo.

Sinclair anapita ku Chicago m'chaka cha 1904, ali ndi zaka 26, wotumidwa ndi nyuzipepala yotchedwa Appeal to Reason. Anakhalako masabata 7, navala zovala zakutha, nanyamula kachitini ka chakudya monga wantchito, kotero kuti analowa m'nyumba zopherazo osafunsidwa. Ndipo madzulo ankacheza m'nyumba za antchito namva nkhani zawo. Zimene anaona ndi kumva anaziumba kuti zikhale nthano ya banja limodzi. Chotero owerenga akumbukire kuti anthu a m'bukuli ndi opeka, koma ntchito zimene agwira ndi mabala amene alandira mlembi anazitenga kwa anthu enieni.

Banjalo linachokera ku Lithuania, dziko laling'ono la ku Ulaya, kudzafuna moyo wabwino. Mutu wake ndiye Jurgis Rudkus, mnyamata wamphamvu ngati ng'ombe yapagoli, amene yankho lake pa vuto lililonse linali lakuti adzaonjeza kulimbika pa ntchito. Atate wake okalamba, a Antanas, anapeza malo m'chipinda chothiriramo nyama mchere, m'mene pansi pake panali ponyowa masiku onse. Madzi a mchere waukaliwo anadya nsapato zawo, nadya ndi mapazi omwe, chifuwa chinawagwira, ndipo sanakhalitse. Kamnyamata ka m'banjamo, Stanislovas, kanalowa ntchito kasanafike msinkhu wololedwa, popeza wansembe analemba kalata yoonjezera zaka zake. Tsiku lina ng'ombe inapulumuka pophedwa, anthu nathawa, ndipo Jurgis podumpha anabinya mwendo pakakolo. Dokotala wa kampani anamuuza kuti akagone kwawo, ndi kuti kampani ilibe mlandu. Atachira patapita miyezi, anapeza malo ake atapatsidwa kwa wina. Kuyambira pamenepo banja linayamba kutsetsereka: Jurgis analowa ntchito ya m'nyumba yopangira feteleza, imene anthu onse ankaiopa, mkazi wake Ona anachitidwa zamanyazi ndi kapitawo, Jurgis pomenya kapitawoyo anamangidwa, nyumba imene ankailipira pang'onopang'ono inalandidwa, Ona anamwalira pobereka, ndipo mwana wawo anamira m'thope la mumsewu.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi uwu, kuti lichotsa mawu akuti tsoka pa mabala a pa ntchito. Ife tikamva kuti uje wadulidwa chala ndi makina, tipukusa mutu, tinena kuti linali tsiku lake, ndipo nkhani ithera pomwepo. Sinclair salola kuti ithere pomwepo. Aonetsa kuti akapitawo ankaika amuna ena amphamvu pa malo ofunika a mzere, nawalipira koposa anzawo kuti afulumize, ndipo onse anayenera kutsata liwiro lawo. Aonetsa kuti m'nyengo yachisanu nyumba zopheramo zinalibe moto, ndipo ogwira mipeni sakanatha kuvala magolovesi, kotero kuti manja awo ankachita dzanzi; nthunzi ya magazi ndi ya madzi otentha inkadzaza nyumba, munthu osaona bwino mnzake amene ali naye pafupi, onsewo ali ndi mipeni yakuthwa. Munthu wodzicheka m'nyumba yotere sitinganene kuti anachita mphwayi. Anaikidwa pamalo pamene mpeni uyenera kupeza mnofu, ngati si lero, mawa. Ndipo liwiro lija silinagwe kumwamba ngati mvula. Munthu wina analisankha, atakhala pampando, atawerengera phindu lake.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti bukuli litsata bala kufikira kunyumba. Kubinya mwendo ndi kanthu kakang'ono. Mwana wa sukulu abinya mwendo pa mpira, nachira. Koma kwa munthu wolipidwa pa tsiku limene wagwira ntchito lokha, mwendo wobinya ndiwo njala ya ana, ngongole ya nyumba, ndi kutumiza tiana kumsewu kukagulitsa nyuzipepala m'chisanu. Mlembi awerengera ndalama za banjalo pamaso pathu monga achita mayi wosamala, kufikira tiona tokha kuti palibe potulukira. Apa tiyenera kudziwa kuti malamulo a America a masiku aja ankatsekera wovulala makomo atatu. Akapita kubwalo la milandu, mwini ntchito ankatha kunena kuti wantchito anadziwa kuopsa kwa ntchitoyo pamene anaivomera; kapena kuti amene analakwa ndi wantchito mnzake, osati kampani; kapena kuti wovulalayo anali nako kulakwa kwakekwake, kungakhale kochepa. Limodzi la makomo awa likatsekeka, munthu ankabwerera chimanjamanja. Dziko la Germany linali litaika kale lamulo la chipepeso cha ovulala pa ntchito m'chaka cha 1884, ndi Britain m'chaka cha 1897. Koma ku America chigawo cha Wisconsin chinayamba kukhala ndi lamulo lotere lokhazikika m'chaka cha 1911. Chotero zimene zinagwera Jurgis sizinali zokokomeza.

Tsono tinene za zolakwa za bukuli, pakuti zilipo, ndipo si zazing'ono.

Cholakwa choyamba ndicho chimene chinalipatsa mbiri. Pofuna kuonetsa kuipa kwa makampani, Sinclair analemba masamba owerengeka onena za uve wa nyama yomwe: nyama yowola yothiridwa mankhwala kuti fungo libisike, ndi makoswe akufa ogayidwa pamodzi ndi nyama ya soseji. Analembanso kuti antchito ena ankagwera m'miphika yaikulu yosungunuliramo mafuta, mafutawo nagulitsidwa kwa anthu. Ndipo nkhani iyi ofufuza a boma sanaipezere umboni. Masamba amenewa ndi ochepa m'buku lalitali, koma anali ngati ndulu yogwera mumphika wa ndiwo, imene ichititsa kuti munthu asamvenso kukoma kwa china chilichonse. Wowerenga wa ku New York kapena ku London, amene anali asanaonepo munthu wa ku Lithuania, anali atadya nyama ya ku Chicago m'mawa womwewo. Anaiwala mapazi a nkhalamba ija, nakumbukira mimba yake. Mlembi mwini anadandaula pambuyo pake kuti anafuna kulasa mtima wa anthu, koma muvi wake unatera pamimba. Ife tiyankha kuti mlenje amene aika nyambo ziwiri pa msampha umodzi asadabwe nyama ikasankha yonunkhira koposa.

Cholakwa chachiwiri ndicho kuunjika masoka. Pachiyambi anthu a m'bukuli ali ndi moyo. Phwando la ukwati wa Jurgis ndi Ona, limene litsegula nkhani, lalembedwa ndi chikondi, ndipo tiwadziwa monga anansi athu. Koma popita patsogolo mlembi afuna kuti banja limodzi lisenze zoipa zonse za mzinda wonse, ndipo imfa zitsatana kufikira mtima wa wowerenga uchita dzanzi monga manja a osenda nyama aja. Stanislovas afa atadyedwa ndi makoswe, ndipo timva nkhani yake m'mawu ochepa, ngati ya mlendo. Pomaliza Jurgis alowa mumsonkhano wa chipani cha Sosholizimu, chimene chiphunzitsa kuti mafakitale akhale a anthu onse pamodzi, natembenuka mtima. Kuyambira pamenepo nthano ileka, ndipo otsala ndi maulaliki ataliatali ndi kuwerenga mavoti. Aliyense amene anaimapo pagome la tchalitchi adziwa kuti ulaliki ukapitirira pamene fanizo lathera, anthu ayamba kuyang'ana kukhomo. Chotipweteka koposa nchakuti mankhwala amene bukuli lipereka ndi a tsiku lakutali, pamene dziko lonse lidzasinthika. Za chimene mwini fakitale ayenera kuchita Lolemba likudzali, kuchepetsa liwiro, kukoleza moto, kulipira wovulala, bukuli silinena zambiri.

Cholakwa chachitatu chitikhudza ife. Pofotokoza za kunyanyala ntchito kwa m'chaka cha 1904, pamene makampani anabwera ndi anthu akuda ochokera kumwera kuti alowe m'malo mwa onyanyala, Sinclair awalemba anthu akudawo ndi mawu achipongwe, monga khamu lopanda nzeru ndi lopanda mwambo. Iwonso anali amphawi ogwidwa mumsampha womwewo, ogwira mipeni yomweyo. Mlembi amene anapempha dziko kuti lione munthu mwa mlendo wa ku Lithuania analephera kuona munthu mwa mdzukulu wa akapolo.

Nanga bukuli linabala chiyani? Pulezidenti Theodore Roosevelt analiwerenga, natuma amuna awiri, Charles Neill ndi James Reynolds, kuti akafufuze ku Chicago. Iwo anabwera ndi mawu otsimikiza kuti uve unalipodi wambiri. Malonda a nyama ya America anagwa, makamaka ku Ulaya, ndipo pa 30 Juni 1906 Roosevelt anasaina malamulo awiri, lina la kuyendera nyama, lina la ukhondo wa zakudya ndi mankhwala. Miyezi isanu isanathe chitulukire buku, nyama inapeza woiyang'anira wa boma. Koma lamulo la dziko lonse loteteza wantchito ku ngozi za pa ntchito analisaina Pulezidenti Richard Nixon m'mwezi wa Disembala 1970, patapita zaka 64, Sinclair atamwalira kale m'chaka cha 1968. Bungwe loyendera malo a ntchito, lotchedwa OSHA, linayamba m'chaka cha 1971, ndicho chaka chomwe makola a Union Stock Yards anatsekedwa.

Wina adzati, izi ndi zakale, nanga tizikumbiranji? Tiyeni tiyese bukuli ndi zimene zinachitika m'masiku a anthu amene akali ndi moyo. Pa 3 Sepitembala 1991, m'tauni ya Hamlet, ku North Carolina, moto unabuka m'fakitale yokonza nyama ya nkhuku ya kampani ya Imperial Food Products. Antchito anathamangira kumakomo, napeza ena ali okhoma kunja. Anthu 25 anafa. Oyendera nyama a boma ankafika pafakitalepo kawirikawiri kudzaona ngati nkhuku zili zaukhondo. Koma m'zaka 11 zimene fakitaleyo inagwira ntchito, woyendera za chitetezo cha antchito sanafikepo ndi kamodzi komwe. Taonani kugawika kuja kwa m'chaka cha 1906, kuli chiimire patapita zaka 85.

Unyolo nawo sunaleke kuthamanga. M'chaka cha 2014 boma la America linasiya malire a liwiro la mzere wotumbulira nkhuku pa nkhuku 140 pa mphindi imodzi, ndipo kuyambira 2018 mafakitale ena analoledwa kufika pa 175. Ndipo amene anaika malirewo ndi nthambi ya boma yoona za ukhondo wa nyama. Munthu wocheka chimodzimodzi kambirimbiri tsiku lonse agwidwa ndi nthenda ya mtsempha wa polumikizira dzanja ndi mkono, imene ichititsa zala dzanzi ndi kupweteka usiku, kufikira alephera kugwira chikho. Madokotala a boma amene anayeza antchito pa fakitale ina ya nkhuku ku South Carolina analengeza m'chaka cha 2014 kuti anthu 42 mwa anthu 100 alionse oyezedwa anali ndi zizindikiro za nthendayo. Lamulo loteteza antchito ku mabala otere linaikidwa m'chaka cha 2000, koma nyumba ya malamulo inalifafaniza m'chaka cha 2001.

Mliri wa COVID-19 utafika m'chaka cha 2020, anthu oimirira phewa ndi phewa m'nyumba zozizira anapatsirana nthenda msanga. Pa 28 Epulo 2020 Pulezidenti Donald Trump analamula kuti nyumba zophera nyama zisatsekedwe, kuti nyama isasowe m'masitolo. Komiti ya nyumba ya malamulo inapeza m'chaka cha 2021 kuti pa makampani asanu aakulu okha, antchito osachepera 59,000 anadwala ndipo 269 anafa m'chaka choyamba cha mliriwo. Ndipo m'chaka cha 2023 boma linalipiritsa kampani ya Packers Sanitation Services chindapusa cha madola 1.5 miliyoni, chifukwa inalemba ana oposa 100, a zaka 13 kufikira 17, kuti azitsuka usiku macheka ndi makina a m'nyumba zophera nyama ndi mankhwala otentha khungu. Pomva izi tikumbukira Stanislovas ndi kalata yake yabodza. Sitikana kuti zinthu zambiri zakhala bwino koposa masiku a Jurgis. Alipo magolovesi achitsulo, chilipo chipepeso, alipo oyendera. Koma pamene phindu la wodya nyama lilimbana ndi thupi la woikonza, kawirikawiri apambana ndi wodya.

Palinso malo ena pamene bukuli liona ndi diso limodzi, ndiwo kumunda. Mwana wake atamwalira, Jurgis athawa mumzinda, nayendayenda m'midzi ya alimi. Asamba mumtsinje, adya chakudya chabwino, mphamvu zake nizibwerera. Mlembi aonadi chinthu chimodzi choona, pamene mlimi wina afuna kulemba Jurgis ntchito kufikira kukolola kokha, ndipo Jurgis amfunsa ngati akavalo ake nawonso amawapirikitsa ntchito ikatha. Koma kunja kwa ichi, munda m'bukuli ndi malo ochiritsa, ndipo mabala ali a mumzinda. Mbiri ya America iphunzitsa zina. Pamene boma linaika lamulo lopatsa antchito ufulu wa kupanga mabungwe awo m'chaka cha 1935, ndi lamulo la malipiro ndi maola a ntchito m'chaka cha 1938, antchito a m'minda anasiyidwa kunja kwa onse awiri. M'chaka cha 1976 nyumba ya malamulo inaletsa OSHA kuyendera minda yaing'ono ya antchito 10 kapena ocheperapo. Komabe kumunda kuli thalakitala imene igubuduka nipsinja woyendetsa, kuli mankhwala opopera mbewu amene alowa pakhungu, kuli dzuwa limene lipha munthu wosapatsidwa madzi ndi mthunzi.

Chitsanzo chimodzi owerenga athu adzachimva bwino koposa azungu. M'minda ya ndiwo zamasamba ya ku California, antchito, ambiri a iwo ochokera ku Mexico, ankapatsidwa khasu la mpini waufupi, loti munthu alime chowerama tsiku lonse. Misana yawo inkaonongeka akali anyamata. Atalimbana zaka zambiri, m'masiku amene Cesar Chavez ndi Dolores Huerta ankasonkhanitsa antchito a m'minda, khasulo linaletsedwa ku California m'chaka cha 1975. Wina kwathu adzaseka nati, nanga ife sitilima chowerama chibadwire? Inde, titero. Koma iwe ukalima m'munda mwako, msana ukawawa uweramuka, utsamira pampini, upuma, ndipo palibe akufunsa. Antchito aja ankanena kuti akapitawo anakonda khasu lalifupi chifukwa poyang'ana munda wonse ankaona msanga amene waweramuka. Chotero chimene chinathyola misana yawo ndicho kusowa ufulu wa kuweramuka, monga chimene chinacheka manja a ku Chicago ndicho kusowa ufulu wa kuimitsa unyolo.

Abale, chilamulo cha Mose chinadziwa kale chimene mabwalo a milandu a ku America anachedwa kuphunzira. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba alamulidwa kumanga kampanda kuzungulira tsindwi lake, kuti munthu angagwe, mwazi wake nukhala pa nyumbayo. Onani kuti lamulolo siliuza mlendo kuti ayende mosamala. Liuza mwini nyumba kuti amange. Pa Eksodo 21:28-29 ng'ombe ikapha munthu mwadzidzidzi mwini wake alibe mlandu. Koma ngati inali yozolowera kugunda, mwini wake nachenjezedwa, osaitsekera, mlandu wa imfayo uli pa iye. Muyeso wake ndi kudziwa. Amene adziwa kuti pa liwiro lakuti manja adzachekeka, nasankhabe liwirolo, ali ngati mwini ng'ombe yogunda. Sinclair anafika pa choonadi ichi podzera njira ya chipani chake. Ife tili nacho m'Buku limene tiliwerenga Sabata ndi Sabata, ndipo mlandu wathu uposa wake ngati tichiiwala.

Pakuti nafenso tilemba antchito. Ambiri a ife amene tiwerenga masamba ano tiitana aganyu pa nthawi ya kupalira ndi ya kukolola, ndipo ena tili ndi minda ya fodya. Madokotala adziwa kuti munthu wothyola fodya wamuwisi masamba ali onyowa ndi mame kapena mvula amwa chikonga podzera pakhungu, nagwidwa ndi chizungulire, mutu, nseru ndi kusanza. Nthenda iyi ipezeka ku North Carolina ndi ku Kasungu chimodzimodzi, ndipo ana iwagwira koposa akulu. Tikatuma mwana wa mnansi wosauka kukathyola fodya m'mame, wathu ali kusukulu, tasiyana pati ndi kampani ija ya ana otsuka macheka? Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikapatsa waganyu chopopera mankhwala chodontha pamsana, wopanda chotchinga pamphuno ndi m'manja, mphepo ikuomba kumaso kwake, tamanga kampanda pa tsindwi lathu kodi? Waganyu akadzitema ndi chikwanje m'dimba mwathu, timperekeza kuchipatala ndi kumlipira masiku amene agona, kapena tinena monga dokotala wa kampani uja, kuti ife tilibe mlandu? Ndipo mkulu wa mpingo akapemphedwa kuchitira umboni zaka za mwana, akumbukire wansembe wa m'bukuli, amene anayesa kuti athandiza banja losauka, koma anatsegulira mwana khomo la ku imfa.

Chiweruzo chathu pa The Jungle ndi ichi. Monga nthano, liyamba bwino, nilitha mofooka. Lili ndi tsankho limene mlembi wake sanaliona. Ndipo linapatsa owerenga ake chifukwa cha kudziganizira okha. Koma mitu yake yoyamba, yonena za mzere, za chisanu ndi za mwendo wa Jurgis, ili yoona lero monga inalili m'chaka cha 1906, ndipo aphunzitsi amene adziwa Chingelezi adzachita bwino kuiwerenga ndi kufotokozera ena. Mlandu suola. Mbadwo woyamba unawerenga bukuli nufunsa ngati nyama ili yabwino kudya. Ife tikakhala pa chakudya, nsima ndi ndiwo zili patsogolo pathu, titayamika Mulungu amene anazipereka, tifunsenso za manja amene anazikonza, ngati ali athunthu. Ndipo mawa lake, tisanatume waganyu kumunda, tiyambe tayang'ana chopopera chija ngati chidontha.